Imvi za Mdzukulu Wanga

Mahatchi analowa m'nyumba mwathu kudzera pa foni. Kwathu kuno, m'munsi mwa mapiri a Mphunzi, timadziwa ng'ombe, mbuzi ndi abulu okoka ngolo, ndipo ine mpaka lero hatchi yamoyo sindinaionepo ndi maso angawa. Koma mwana wanga wamwamuna, mmodzi yekhayo amene ndinabereka, anapita ku Joni n'kukapeza ntchito pa famu yoweta mahatchi a mtundu wa Aluya. Ntchito yake inali kuwapesa, kuwasambitsa ndi kuwola ndowe zawo. Atabwera kudzationa pa Khirisimasi, wosadziwa akanati mwini famuyo ndi iyeyo.

Ankakhala pakhonde foni ili m'manja, anthu atamuunjirira ngati wogulitsa mankhwala a makoswe pamsika wa pa Boma. Ndisaname, nyamazo n'zokongola. Khosi lopindika bwino, mutu waung'ono wolowa pang'ono pakati pa maso ndi mphuno, maso aakulu, ndipo zikamathamanga mchira umaima njo. Iliyonse inali ndi dzina lake, ndipo mwana wanga ankatchula bambo ake, agogo ake, agogo a agogo ake, mpaka kukafika kuchipululu kumene mtunduwo unachokera. Ameneyu ndi mwana yemweyo amene ine, mphunzitsi wa pulayimale, ndinalephera kumulowetsa m'mutu mayina a mitsinje ya m'dziko lake lomwe.

Panali hatchi imodzi yamphongo, yotuwa, imene ankaitama kuposa zonse. Ankati ana ake ali m'mayiko ambirimbiri, ndipo zazikazi zimachita kubwera pa malole kuchokera kutali kudzatenga mbewu yake. "Iyi ndiye nkhunzi, abambo," ankatero, akuikulitsa pa foni ndi zala ziwiri. "Mwana wa iyi, ngakhale mutamubisa pakati pa khola lonse, ine ndimuloza. Magazi sanama." Amuna anga ankagwedeza mutu, chipewa chili pabondo, n'kumafunsa ngati nyamazo zimadya msipu wamba kapena zimafuna gaga. Ine ndinkakhala chapatali ndikusankha nyemba, nkhope ikunditentha.

Chimene chinkanditenthetsa nkhope ndichinene pompano, kuti musavutike kundilondola. Amuna anga si amene anabereka mwanayo.

Ndinakwatiwa m'banja la Angoni. Ng'ombe zinapita kwathu, ine n'kubwera kuno. Zaka zinadutsa kumsana kwanga kulibe kanthu. Ndinamwa mizu yowawa ya mtundu uliwonse, pachitsime ndinapatsidwa mayina, ndipo kuchipatala atandiyeza anati ine ndilibe vuto, abwere amuna anga. Amuna anga sanapite. Kenako azakhali awo, mayi wa fodya wa pamphuno amene mawu ake sankabwezedwa, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza zimene akuluakulu anapangana, zoti m'nyumba mulowe fisi. Kwa inu amene simunakulire kuno, fisi ameneyu ndi mwamuna amene amapemphedwa mwachinsinsi kukapereka pathupi m'nyumba ya mnzake wosabereka, mwanayo n'kukhala wa mwini nyumba. Kawirikawiri amakhala m'bale wa mwamunayo, koma amuna anga anabadwa okha pakati pa alongo. Choncho anasankha bambo wina wa kutsidya kwa mtsinje, wofatsa, wa ana ambiri. Amuna anga anatumizidwa kukacheka matabwa ku Phiri la Dedza kwa masabata angapo. Ine sindinasankhe zimenezi, komanso sindinakane. Ndinali mphunzitsi, ndinali mayi wa mumpingo wovala duku loyera, ndipo ndinkafuna mwana kuposa ulemu wanga.

Bambo wa kutsidyayo anali ndi chizindikiro cha kwawo. Ambiri a m'banja limenelo amabadwa ndi kachigamba ka tsitsi loyera pamwamba pa mphumi, ndipo dera lonse limawadziwira pamenepo. Nditadandaula za ichi, azakhali anachipeputsa, anati mwana amafanana ndi amene akudya naye. Tsiku limene ndinachira, ndisanafunse n'komwe ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndinayang'ana pamphumi. Panali pakuda bii. Bamboyo anamwalira kalekale, azakhali nawonso anatsatira, ndipo ine ndi amuna anga nkhaniyi sitinaikambepo ngakhale tsiku limodzi. Ngati ankadziwa kapena ayi, ine sindinkadziwa, ndipo sindinkafuna kudziwa.

Ndiye taganizani mmene ndinkamvera pakhonde paja. Tsiku lina mwana wanga anaonetsa hatchi ina yokalamba, ya msana wolowa, itaima pakati pa tiana tongolekitsidwa kuyamwa. "Iyi ndi mfule," anatero akuseka. "Ntchito yake n'kulera ana a nkhunzi ija. Ikaona galu imathamanga kukawatchinga. Imayesa ndi ake, chitsiru." Anyamata amene analipo anaseka. Amuna anga nawonso anaseka pang'ono, kenako anavala chipewa n'kunena kuti akukaona ng'ombe, ng'ombe zomwe anali atangochoka kuziona. Ine mtima unandipsa. Ndinamufunsa mwanayo ngati mahatchi akewo adzatipalirira mbatata, ndipo ngati satero achotse anthu pakhonde panga ndisese. Onse anandidabwa, ndipo wina ananong'ona kuti aphunzitsi ukalamba wayamba kuwalowa.

Asanapite ku Joni, mwana wanga anali atakwatira mtsikana wa kufupi ndi pa Boma, ndipo mtengwayo ankakhala nafe. Mpongozi wangayu ndi munthu woseka msanga, wolimba pakhasu. Chimene tinkakangana ndi mchere wokha, chifukwa dzanja lake ndi lolemera. Khirisimasi itatha mwamuna wake anabwerera kuntchito, iye n'kutsala ndi pathupi. Popita kusikelo ndinkamukweza njinga yamoto, ndipo wa kabaza amene ndinkamuitana anali mnyamata wa kutsidya, mwana wa malemu bambo uja, chifukwa ndi yekhayo amene sankathamanga m'mabampu. Nayenso ali ndi kachigamba koyera pamphumi. Ndikakumbukira kuti woitana ndinali ine ndemwe, ndimafuna kudziwomba khofi.

Atapita kukachira ku chipatala cha pa Boma, wodikirira ndinali ine. Namwino anandipatsa mwanayo atamukulunga m'chitenje, ndipo ndinatsegula kuti ndione nkhope. Pamwamba pa mphumi panali kachigamba ka tsitsi loyera mbee. "Agogo, uyu wabadwa ndi imvi, adzakhala wanzeru," anatero namwinoyo akuseka. Ndinakhala pansi, pasimenti pomwepo. Chimene chinalumpha mwana wanga chinali chitatera pa mwana wake.

Ndinayamba kuluka tizipewa. Ku Dedza kumazizira, palibe amene angakufunse chifukwa chimene khanda lavalira chipewa, koma ine ndinkamuveka ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Tsiku lometa tsitsi lobadwa nalo ndinalanda lezala n'kupala pamenepo ndekha mpaka mwana analira. Linameranso loyera kuposa kale. Zithunzi zonse zimene tinkatumiza ku Joni zinali za chipewa, ndipo mpongozi wanga ankandiseka kuti mdzukulu ndimupsereza mutu ndi chikondi.

Koma mudzi uli ndi maso. Pamjigo amayi anayamba kumufunsa mpongozi wanga ngati njinga yamoto ija inkathera kusikelo kokha. Poyamba ankaseka nawo, osamva kumene nkhani ikulowera. Kenako wina wa chifundo chonyenga anajambula mwanayo akusambitsidwa n'kutumiza chithunzicho ku Joni. Mwana wanga sanadikire Khirisimasi ina. Anafika masana ena chikwama chili kumsana, moni wake wapakamwa chabe. Ananyamula mwanayo, kumuvula chipewa, kuyang'ana, n'kumubweza kwa amake ngati katundu wolakwika wa m'sitolo.

"Uyu si wanga."

"Ndi wanu," anatero mpongozi wanga. "Mulungu ndi mboni yanga, ndi wanu."

"Ine ndimagwira ntchito ya magazi. Kwathu kulibe imvi zoterezi, kwanu kulibe. Zili kutsidya. Kufamu, mwana wa hatchi akakayikitsa timazula ubweya wa kumchira n'kutumiza kokayeza, ndipo akapezeka kuti si wa nkhunzi yathu samutchulanso ndi dzina la bambo ake. Koma apa ndiyezerenji? Maso ndili nawo."

Ndinalowererapo ndi ukali, chifukwa ukali ndiwo wokha umene ndinali nawo. "Iwe, mkazi wako si hatchi! Kuwola ndowe ku Joni ndiye wasanduka dokotala?"

Anandiyang'ana modekha. "Chabwino amayi, inu ndinu aphunzitsi. Tandiphunzitsani. Imvizi zachokera kuti?"

Ndinatenga chipewa chija n'kumuvekanso mwanayo. Amuna anga anali chapomwepo akukonza goli la ng'ombe, ndipo sanadzutse mutu. Tsiku lomwelo mwana wanga anatumiza mawu kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti abwere Loweruka, akuchikazi adzatenge mwana wawo.

Nkhaniyo inali yosavuta kuimva. Ndikakhala chete, mtsikana wosalakwa achoka pakhomo pano ndi dzina la chigololo, ndipo mdzukulu wanga weniweni akakulira kwa eni ngati mwana wa patchire. Ndikalankhula, ndivula amuna anga pamaso pa anthu, mwinanso n'kuwauza pa ukalamba wawo chinthu chimene sanachidziwepo. Ndisabise, ndinkadziganiziranso ndekha, duku langa ndi ana onse amene ndinawaphunzitsa, amene lero ndi abambo ndi amayi ondigwadira panjira. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu. Kwathu zinatembenuka, zodya akulu zinkapota mwana wa eni.

M'mawa mwake mpongozi wanga ananditsatira kudimba kumene ndinkakumba mbatata ya kachewere. Anagwada pakati pa mizere mwana ali kumsana. "Amayi, inu mwakhala nane masiku onse," anatero. "Popita kusikelo munkandikweza ndinu, pobwera munkandilandira ndinu. Loweruka mukandilankhulire." Ndinamuuza kuti alimbe mtima, Mulungu sagona. Anandithokoza akuomba m'manja, ndipo kuthokozako ndi kumene kunandilasa. Atachoka ndinatema mbatata zambiri ndi khasu, chifukwa maso sankaonanso bwino.

Pakati pa sabatalo ndinathawira pa Boma, ati kukagula misomali. Ndinalowa m'sitolo ya bambo wina wachisilamu, wa ndevu zoyera, amene mphwake ndiye anapezera mwana wanga ntchito ija. Nkhani inali itawafika kale. "Mayi, mwana wanu anali pano dzulo ndi mahatchi ake," anatero akukulunga misomali m'pepala. "Ndamuuza kuti iye amatama zamphongo chifukwa ndi zimene azungu amakonda kujambula. Aluya eni ake, monga ndinamvera ine, mtundu wa hatchi amauwerengera kwa make, monga achitira Achewa. Bambo akhoza kukayikitsa, koma mayi ndiye amadziwa zoona." A sitolowo ankafuna kunditonthoza. Ndinatuluka misomali nditaiiwala pakauntala, mpaka anachita kundiitana ndili kale pamsewu.

Kutatsala tsiku limodzi ndinawapeza amuna anga kukhola. Ndinaima pachipata mpaka miyendo inayamba kundiwawa.

"Bambo, pali nkhani."

"Ng'ombe yakudayi ikutsimphina, mwaiona?"

"Ndaiona."

"Mwina ndi minga," anatero, n'kuwerama kuigwira phazi. Ine ndinabwerera kunyumba ndili ndi mkwiyo, koma pansi pa mkwiyowo ndinali nditapumako, ndipo ichi ndi chimene ndimachita nacho manyazi kwambiri.

Loweruka kunacha ndi nkhungu. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba, amuna pamipando, ife pamphasa. Kuchikazi kunabwera atsibweni a mtsikanayo, munthu wamkulu wa magalasi omanga ndi waya. Katundu wa mpongozi wanga anali kale pakhomo, zovala m'chitenje, ndowa ndi beseni la mwana pamwamba.

Mwana wanga anafotokoza nkhani yake, ndipo ngati zimenezo sizinakwane, anatulutsa foni. Anaonetsa ankhoswe hatchi yotuwa ija, kenako ana ake mmodzimmodzi, akuloza mutu, makutu ndi kamawanga ka pamphumi, kuti aone mmene magazi amayendera. Ndinkafuna nthaka itang'ambika ndilowemo. Atsibweni anayang'ana foniyo nthawi yaitali n'kufunsa ngati aitanidwira nkhani ya mwana wawo kapena ya abulu. Koma atalivula khandalo chipewa, nawonso anazizindikira imvizo, chifukwa banja la kutsidya ankalidziwa. Anamufunsa mphwawo kuti anene zoona. Iye anakana akulira, ndipo kulira kwa munthu wosalakwa sikusiyana ndi kwa wolakwa, anthu amangomva misozi.

Kenako nkhoswe ya mbali yathu inatembenukira kwa ine. "Amayi, mtengwayu munkamusunga ndinu. Inu munaonapo chiyani?"

Mpongozi wanga anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Mawu ndinali nawo, ndinali nditawayala bwinobwino m'mutu monga ndinkayalira phunziro. Ndinayang'ana amuna anga, chipewa chili pabondo, tsitsi lawo loyera la ukalamba, manja ong'ambika ndi sowo.

"Ine sindinaonepo choipa chilichonse," ndinatero.

"Simunaone chifukwa simunkakwera nawo njingayo," anatero mwana wanga. Ine ndinangoti zyoli. Zimene ndinamulankhulira mtsikana uja ndi zomwezo basi.

Atsibweni anali atayamba kudzuka pamene amuna anga anakhosomola. "Tandipatsani mwanayo," anatero. Anamulandira, kumugoneka pamiyendo, n'kusisita kachigamba kaja ndi chala chachikulu.

"Imvi izi ine ndikuzidziwa. Apongozi alibe mlandu. Zadzera mwa iwe, mwana wanga."

Mwana wanga anaseka kamodzi, kuseka kwa munthu amene sanamvetse.

"Ine sindibereka," anapitiriza, mawu awo ali phee ngati akukamba za mvula. "Sindinaberekepo. Azakhali anga anayamba abwera kwa ine asanapite kwa amako, ndipo ine ndinavomera. Munthu wa kutsidya uja ndinamutchula ndine, chifukwa sankamwa mowa ndipo pakamwa pake panali potseka. Amako anangomvera akulu. Wa kabaza amene ukumunenayo ndi m'bale wako. Ukafuna kuzula tsitsi lokayeza, yamba ndi lako ndi lake."

Chibadwire changa sindinamvepo mwamuna wachingoni akunena yekha, pamaso pa alendo, kuti anagwa mumpapaya. Palibe amene anayang'ana mnzake. Ine ndinafunditsa nkhope m'chitenje, osati chifukwa cholira, koma chifukwa ndinalibe poiika.

"Ndiye bambo anga ndani?" anafunsa mwana wanga. Mawu ake anali atachepa.

"Ng'ombe zinatuluka m'khola la atate anga. Dzina ndinakupatsa ndine. Ukafuna bambo, ndili pano. Ukafuna magazi, manda ake ali kutsidya, ndikakulozera."

Atsibweni anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, n'kunena kuti iwo makutu awo ndi okalamba, chimene amva n'chakuti mwana wawo alibe mlandu, zina zonse zawadutsa. Anauza mphwawo kuti alowetse katundu m'nyumba, ndipo anauza mwana wanga kuti akamupepese mkazi wake pamaso pa amayi a mtsikanayo, osati kuchipinda. Mwana wanga anaimirira. Sanayang'ane bambo ake, anayang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenako anapita kukanyamula beseni lija.

Alendo atachoka ndinawalondola amuna anga kukhola, ndipo ulendo uno mawu anatuluka onse. Ndinawakalipira. Ndinawafunsa kuti zaka zonsezi ankadziwa, ine ndikuyenda chonyang'ama m'nyumba mwanga momwe, iwo osandiuza?

"Nanga inu munandifunsa?" anatero.

Ine ndinangowauza kuti phazi la ng'ombe yawoyo likufunika madzi amchere, osati kumangoligwiragwira. Anavomera kuti ndanena zoona.

Mpongozi wanga sanandinyoze. Amandipatsa madzi osamba atagwada monga kale, ndipo mchere anachepetsa yekha popanda kukangana, chinthu chimene chimandiwawa kuposa mwano. Kamodzi kokha, tikupala mbatata awiriwiri, ananena osandiyang'ana kuti, "Mukanangonditsina khutu, amayi. Ine sindikanauza munthu." Ndinamuuza kuti ndikudziwa. Kuseka kwake kwa msanga kuja amasekabe ndi anthu ena.

Ankhoswe anati sanamve kanthu, koma sabata isanathe dera lonse linali litamva. Amayi amene ankandipatsa mayina pachitsime ndili mtsikana, otsala amoyo, anayamba kundipatsa moni wautali, wofunsa mpaka za nkhuku. Lamulungu ndinati mutu ukundiwawa. Amuna anga anavala jekete, kunyamula mdzukulu m'manja mutu uli pamtetete, n'kundiuza kuti ndivale duku langa tizipita. Sanadzere njira yachidule ya m'minda. Anadzera pamsewu, pamene a kabaza amaimika njinga zawo, n'kupereka moni kwa aliyense, kuphatikizapo mnyamata wa kutsidya uja, amene anavula chisoti n'kusowa poyang'ana. Ine ndinkatsalira m'mbuyo maso ali pansi. "Yendani pambali pangapa, mayi," anatero amuna anga. "Mukuyenda ngati mwaba nkhuku." Ndinayenda pambali pawo, koma mutu sindinaudzutse mpaka tinalowa m'tchalitchi.

Mwana wanga anakhala masiku angapo. Anakapepesa kwa apongozi ake monga anauzidwira. Mwana wake anayamba kumunyamula, poyamba mowuma, kenako mpaka kumuimbira. Kumanda kutsidya sanapite. Nthawi yambiri ankakhala kukhola ndi bambo ake, ndipo ndinkawaona ali chapatali akumanganso mpanda, wina kugwira mtengo wina kukhoma, osalankhula zambiri. Foni ija inkakhala m'thumba. Ine ankandipatsa moni m'mawa, n'kuthokoza ndikamupatsa chakudya. Tsiku lonyamuka bambo ake anamuperekeza mpaka pa Boma kukakwera basi, ndipo ine anandigwira dzanja pakhomo.

Ndinkayesa kuti akadzapsa mtima adzapsera bambo ake, amene anamuchititsa manyazi pamaso pa ankhoswe. Sizinatero. Amaimba foni kawirikawiri. Amalankhula ndi mkazi wake, amamvetsera mwana akubwebweta, kenako amacheza ndi bambo ake nthawi yaitali za ng'ombe, za feteleza, za mpanda uja. Pomaliza amati, "Amayi muwapatse moni." Sindikudziwa chimene sanandikhululukire, ngati ndi fisi, kapena kukhala chete kwanga pansi pa mpichesi mkazi wake akundiyang'ana. Chachiwiricho ngakhale ine sindinadzikhululukire.

Posachedwapa anaimba masana ndili pakhonde. Atatha kucheza, amuna anga ananena kuti, "Amako ali pompano, talankhula nawo," n'kundiikira foni m'manja iye asanayankhe. Ndinamva mpweya wake, ndi hatchi ikulira chapatali. Ndinamupatsa moni ndi dzina limene ndinkamuitanira ali wamng'ono. Anayankha kuti ali bwino, kaya ine, mwaulemu wonse, ulemu umene timapereka kwa alendo. Ndinamuuza kuti mwana wayamba kukwawa. Anati wamva kale. Kenako anandipempha kuti ngati sindikuvutika, ndibweze foni kwa bambo ake.

Ndinaibweza, n'kupita kukaanula matewera pachingwe chifukwa mvula inali itayamba kudontha.